Njere za fennel ndi matenda a khunyu

Chomera cha fennel chilibe dzina m'Chichewa. Agiriki ankachitcha marathon, ndipo chigwa chomwe anamenyerapo nkhondo ndi Aperezi mu 490 BC chinatengera dzina pamenepo. Pliny wa ku Roma analemba kuti njoka zikafundula zimachidya kuti maso aziona bwino. Ku India mpaka lero amasinja njere zake pamodzi ndi shuga, ati munthu asamaiwaleiwale. Zimenezo sindilimbana nazo.

Koma akati zimachiza khunyu, ndimakana. Madokotala anaonapo mafuta a fennel ochuluka akugwetsa munthu m'malo momuchiza. Mankhwala oyamba othandizadi anali potassium bromide, omwe Charles Locock anawafotokoza ku London mu 1857. Phenobarbital inabwera mu 1912, ndipo zipatala zathu zikuperekabe.