Mwera, Chiperoni ndi Guti: Mphepo Imodzi m'Mbiri ya Sitima ndi Ndege

Mchewa akafuna kuloza kum'mawa kapena kumadzulo amadalira dzuwa, koma mbali ziwiri zotsalazo anazitcha mayina a mphepo: mpoto ndi mwera. Anthu sapereka ulemu wotere kwa chinthu chosawakhudza. Mwa mphepo ziwirizi, mwera ndiwo wasiya zipsera zambiri m'mbiri ya maulendo a pamadzi ndi a mumlengalenga m'Malawi.

Gwero la mwera lili kutali ndi nyanja imene umavutitsa. Mvula ikamapita kumapeto, cha m'Malichi ndi Epulo, mikwamba ya mpweya wozizira wochokera ku nyanja zakum'mwera kwa Africa imayamba kudutsa pafupipafupi cha ku Cape. Mkwamba weniweniwo kawirikawiri sufika kumtunda kuno. Chimene chimafika ndi mpweya wolemera umene umautsatira pambuyo: umazungulira gombe la KwaZulu-Natal, n'kutunga chinyontho m'nyanja ya Indian, kenako n'kulowa kumtunda kudzera m'zigwa za Limpopo, Save ndi Zambezi. Zimenezi zimachitika mobwerezabwereza mpaka cha m'Seputembala.

Kulikonse kumene mpweyawu wafika, anthu anautcha malinga ndi mmene umawapezera. Ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre umabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza, ndipo amautcha chiperoni, potengera phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imatulukira. Ku Zimbabwe Ashona amati guti. Amalawi amene anakagwira ntchito m'migodi ya golide ya Cam and Motor pafupi ndi Kadoma ndi Dalny ku Chakari, komanso m'minda ya thonje yozungulira Chegutu (matauni amene mpaka 1982 ankatchedwa Gatooma ndi Hartley), anakumana nayo mphepoyi itafooka kale, popeza chinyontho chambiri imachisiya kum'mawa ndi kum'mwera kwa mtunda wapakati pa dzikolo. Kumeneko guti ndi masiku ochepa a mitambo ndi chisanu basi. Koma kwa mtchona wochokera ku Nkhata Bay kapena Karonga, amene ulendo wake nthawi zina unkayambira kapena kuthera pa sitima, mphepo yomweyo inali ndi nkhope ina ndithu.

Nyanja ya Malawi inagona motsata njira ya mwera. Mphepo ikalowera cha ku Mangochi imakhala ndi mtunda wa madzi woposa makilomita 500 wopanda choitchinga, kotero mafunde amanka nakula akamalowera kumpoto. David Livingstone anaziona zimenezi mu 1861 pamene anayenda panyanjayi ndi bwato laling'ono, mpaka anaitcha nyanja ya namondwe. Asodzi a m'mphepete mwake sanafunikire mzungu kuti awauze. Mwera ukayamba amakokera mabwato kumtunda n'kuyamba kusoka maukonde.

Sitima ya Vipya, ya kampani ya Nyasaland Railways, inapangidwa ku Scotland, n'kubwera m'zidutswazidutswa, ndi kulumikizidwa kunyanja konkuno. Inayamba kunyamula anthu mu Juni 1946. Pa 30 Julayi chaka chomwecho, pa ulendo wake wachinayi chabe, inanyamuka ku Mbamba Bay kuwoloka nyanja kulowera kugombe lakumpoto kwa Nyasaland, mwera uli pachimake. Kaputeni wake, Farquharson, anapitiriza ulendowo, ndipo sitimayo inagubuduzika ndi kumira kufupi ndi Florence Bay, dera la Chitimba. Anthu 145 anafa, kuphatikizapo kaputeniyo, ndipo mpaka lero palibe ngozi ina panyanjayi imene inatenga miyoyo yochuluka chotero. Pambuyo pake panali mtsutso wakuti cholakwa chinali cha yani: mwina kapangidwe ka sitimayo, imene ena ankati inali yolemera kumwamba, kapena chiganizo cha woyendetsa. Mtsutsowo usabise mfundo yapafupi, yakuti Julayi ndi mwezi umene aliyense wa kunyanja amadziwa kuti mwera suchedwa. Mphepoyo sinabwere mwadzidzidzi. Sitima ya Ilala, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow mu 1949 n'kuyamba ntchito mu 1951, inabwera kudzatseka mpata umene Vipya inasiya.

Kwa kanthawi kochepa, sitima ndi ndege zinagawana madzi omwewo. Kuyambira kumapeto kwa 1949 mpaka 1950, ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zamtundu wa Solent, zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa Southampton ndi Johannesburg. Gombe la Chembe linayang'ana chakumpoto ndipo mapiri a kumbuyo kwake amalitchinjiriza ku mwera, zimene ndege yotera pamadzi imafuna koposa. Ulendowu unatha msanga, ndege zotera pamtunda zitapambana.

Kwa ndege za pamtunda vuto silinalinso mafunde koma mtambo. Mpweya wachinyontho ukawoloka nyanja n'kukwera mapiri a Viphya umazizira, n'kusanduka nkhungu yokuta mitengo ndi zitunda. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali a Malawi yamtundu wa Dornier 228 inanyamuka pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, itanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti, Dr Saulos Chilima, amene ankapita ku maliro a Ralph Kasambara. Inalephera kufika ku Mzuzu, kumene kunali kusaoneka bwino, ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 amene anali m'ndegemo anafa, ndipo mabwinja ake anapezeka tsiku lotsatira. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany, komanso komiti yofufuza imene boma linakhazikitsa, anapeza kuti ndegeyo inkauluka motsika m'nyengo yoipa, m'dera la mapiri. A BFU anaonanso kuti kachipangizo kolozera pamene ndege yagwera kanali ndi batire limene nthawi yake inatha mu 2004. Amalawi ambiri sanakhutire ndi mayankhowa, ndipo kukayika kwawo kuli ndi mbiri yakeyake, yoyenera nkhani ina.

Wolemba mbiri sangalephere kuona kuti sitima imene inamira mu 1946 inatenga dzina lake ku mapiri omwewo amene ndege inagwera patapita zaka 78, ndipo ngozi zonse ziwiri zinachitika m'miyezi yachisanu, pamene mphepo yakum'mwera imalamulira nyanja ndi zitunda zake. Atsamunda ankalemba Vipya, osamva mpumiro wa m'kamwa mwa eni dziko. Pamapu a masiku ano chilembo cha h chinabwezeretsedwa, ndipo mapiriwo amalembedwa Viphya.