Joni, Mzinda Wopanda Mtsinje Waukulu

Chiyambi

Mzinda wa Johannesburg, umene Amalawi amautchula kuti Joni, unayamba mu 1886 anthu atapeza golide. Malowo anali audzu, mitengo inali yochepa, ndipo mtsinje waukulu panalibe. Amalawi ambiri anapita kumeneko kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela kukagwira ntchito m'migodi.

Madzi ochokera kutali

Anthu atachuluka, zitsime ndi timitsinje sizinakwanire. Mu 1903 boma linakhazikitsa bungwe loona za madzi la Rand Water Board. Damu la Vaal linatha kumangidwa mu 1938. Mu 1986 South Africa inagwirizana ndi Lesotho kuti madzi a m'mapiri a dzikolo azitsikira ku Vaal. Lero munthu akatsegula mpopi ku Joni, madzi ena amene akumwa ndi a ku Lesotho.

Mitengo

Mitengo yoyamba inabzalidwa kuti ipereke mizati yochirikiza migodi. Kenako inabzalidwanso m'misewu, koma osati mofanana. M'nthawi ya tsankho, madera a azungu anali ndi mthunzi. Ku Soweto kunali dzuwa ndi fumbi lochokera pa milu ya dothi la m'migodi.

Mu 1990 kunayamba bungwe limene lero limatchedwa Food & Trees for Africa. Limabzala mitengo m'madera osauka. Kudzera mu pulogalamu yake ya EduPlant, limaphunzitsanso ana asukulu kulima ndiwo zamasamba, kupanga manyowa ndi kusamala madzi. Mu 2006 khonsolo ya mzindawu inayamba ntchito yobzala mitengo 200,000 ku Soweto.

Msonkhano wa 2002

Mu 2002 atsogoleri a mayiko anakumana ku Johannesburg kukambirana za chitukuko chosawononga chilengedwe. Anapempha kuti nkhaniyi iziphunzitsidwa paliponse. Bungwe la United Nations linavomera, n'kupatula zaka za 2005 mpaka 2014 kuti zikhale za maphunziro amenewa.

Chaka cha 2016

Nyengo ikamasintha, mvula imatha kusowa kapena kugwa mopitirira. Mu 2016 ku Joni kunachitika zonse ziwiri. Chilala chinachepetsa madzi m'damu la Vaal mpaka kutsala osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu. Khonsolo inaletsa kuthirira maluwa masana ndi kutsuka galimoto ndi paipi.

Mu Novembala mvula inagwa yamphamvu. Mtsinje wa Jukskei unasefukira n'kukokolola tinyumba tamalata ku Alexandra. Amene anavutika kwambiri ndi osauka, chifukwa ndiwo amamanga m'mphepete mwa mtsinje posowa malo ena.