Chipepala Chimene Chinatsala Kanema Wake Atapsa

Madzulo ano tikambirana za chipepala chachikulu chija chimene kale ankamata pakhomo la nyumba yoonetseramo kanema pofuna kukopa anthu odutsa mumsewu, makamaka zipepala za akanema oopsa a ku Amereka.

M'chaka cha 1931, pamene chuma cha dzikolo chinali chitagwa ndipo anthu miyandamiyanda anali pa ulova, kampani ya Universal inatulutsa akanema awiri amene mbiri yawo sinazilale mpaka lero. Woyamba anali Dracula, nkhani ya munthu wakufa wodzuka usiku kukayamwa magazi a amoyo, ndipo anasewera ndi Bela Lugosi wa ku Hungary. Wachiwiri anali Frankenstein, nkhani ya katswiri amene analumikiza ziwalo za mitembo napanga chimunthu chamoyo, chimene anasewera ndi Boris Karloff. Chaka chotsatira kunabwera The Mummy, yonena za mtembo wa ku Igupto wokulungidwa m'nsalu.

Akanema onsewa zithunzi zake zinali zakuda ndi zoyera basi. Koma chipepala cha panja chinkawala ndi utoto wofiira, wobiriwira ndi wachikasu. Munthu wa kandalama kamodzi m'thumba ankaima pamenepo, nayang'ana maso a chilombocho, asanaganize zolowa kapena kupitirira. Tsono ntchito ya wojambula inali yomuopseza munthuyo mokwanira kuti alipire. Ku Universal wotsogolera ntchitoyi anali Karoly Grosz, nayenso wobadwira ku Hungary, ngakhale kuti ojambula ambiri a nthawiyo sankalemba mayina awo pa zipepalazo.

Kasindikizidwe kake kanali ka luso ndithu. Mmisiri ankajambula pa mwala wosalala ndi choko cha mafuta, kenaka n'kunyowetsa mwalawo. Popeza madzi ndi mafuta sizimvana, inki inkagwira pokhapo pamene chokocho chinadutsa. Utoto uliwonse unali ndi mwala wake. Chipepala chodziwika kwambiri chinali cha mainchesi 27 m'lifupi ndi 41 m'litali, ndipo ankachipinda pochitumiza.

Panalibe amene ankaganiza zochisunga. Kanema akatha kuonetsedwa m'tauni ina, chipepala chinkapita naye m'tauni ina mpaka ching'ambike, apo ayi chinkatayidwa. Pa nkhondo yachiwiri ya pa dziko lonse anthu ankasonkhanitsa mapepala akale kuti akapangidwenso, ndipo zipepala zambiri zinathera komweko.

Nanga chidwi chinabwerera bwanji? M'chaka cha 1957 akanema akale 52 a Universal anagulitsidwa ku nyumba za wailesi ya kanema pa dzina loti Shock, ndipo ankaonetsedwa usiku kwambiri. Ana amene ankayenera kukhala atagona ndiwo anawakonda. Chaka chotsatira Forrest J Ackerman anayamba kukonza magazini ya Famous Monsters of Filmland, yodzaza ndi zithunzi za zilombo zomwezo. Aliyense wa ife amene anamvapo nthano ya mizukwa pamoto, n'kumaopa kutuluka panja koma mawa lake n'kupemphanso nthano yomweyo, akudziwa chimene anawo ankamva. Atakula n'kupeza ndalama, anayamba kusaka zipepala zija, koma anapeza kuti zatsala zowerengeka. Chipepala cha The Mummy chinagulidwa pa okushoni m'chaka cha 1997 pa mtengo wa madola 453,500. Cha Dracula, chimodzi mwa ziwiri zokha zodziwika za mtundu wake, chinapita pa madola 525,800 m'chaka cha 2017.

Komatu nkhani imene imandikhudza ine ndi ya kanema wina wakale kuposa amenewa, London After Midnight, wa kampani ya MGM, wa m'chaka cha 1927, pamene akanema ambiri anali asanayambe kuyankhula. Anamukonza ndi Tod Browning, yemwe pambuyo pake anadzakonza Dracula. Wosewera wamkulu anali Lon Chaney, mwana wa makolo osamva, amene anaphunzira ali wamng'ono kuyankhula ndi manja ndi nkhope, ndipo ankadzisintha yekha maonekedwe. M'kanemayu anavala chisoti chachitali, maso ali tong'o, mano osongoka ali pamtunda. Chaney anamwalira m'chaka cha 1930.

Mafilimu a masiku amenewo ankapangidwa ndi mankhwala osachedwa kuyaka. M'chaka cha 1965 moto unabuka m'nyumba yosungiramo mafilimu ya MGM ku Culver City, ndipo kope lomaliza lodziwika la London After Midnight linapsa. Chipepala chake, chimene sichinkayembekezeka kutha ngakhale mwezi pakhoma, chinapulumuka, ndipo m'chaka cha 2014 chinagulidwa pa madola 478,000.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani ya kanemayo timaidziwa, chifukwa zolembedwa zake zilipo. Mulibe woyamwa magazi weniweni. Chilombo cha mano osongoka chija kumapeto chimaululika kuti ndi wapolisi wofufuza milandu amene anadzibisa pofuna kukola munthu wakupha mnzake. Nkhope imene yaopseza anthu kwa zaka zonsezi inali chinyengo cha wapolisi. M'kuona kwanga, kanemayo akadapezeka lero ambiri akadagwa mphwayi, pakuti kwa zaka zochuluka aliyense wakhala akudzipangira kanema wake m'mutu poyang'ana nkhope imodziyo, ndipo kanema wa m'mutu saona polakwika.

M'chaka cha 2002 Rick Schmidlin anayesa kumuukitsa kanemayo m'malo mwa Turner Classic Movies. Anatenga zithunzi zoima zoposa 200 zimene zinajambulidwa pa nthawi ya sewerolo, nazisanja motsatira zolembedwa zija, n'kuikamo nyimbo. Kwa mphindi pafupifupi 45 woonera amayang'ana zithunzi zoimazo, zina zoonetsa Lon Chaney ataima pa makwerero, nyali ili m'manja, osasuntha ngakhale pang'ono.