Ntchito za Pakhomo m'Dziko la Asoli

Munthu wa m'tauni akafunsidwa kuti, "Kodi mugwira ntchito yanji?" pamene alibe bwana womulipira pakutha pa mwezi, kawirikawiri amayankha kuti, "Ndingokhala." Amatero ngakhale mayi amene wadzuka tambala woyamba kukazinga zitumbuwa zogulitsa, ngakhalenso bambo amene watha tsiku lonse pakhonde pake akusoka malaya a anthu. Kayankhidwe kotere si ka makolo athu ayi. Kanabwera pamodzi ndi njanji ndi msonkho, ndipo m'nkhani ino tifuna kulondola m'mene kanafikira, poyang'ana dera limodzi lokha, ndilo boma la Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka.

Chongwe ali pa msewu waukulu wopita ku Chipata, pa mtunda wa makilomita ngati 45 kuchokera ku Lusaka, ndipo dzinali ndi la mtsinje umene umatsikira ku Zambezi. Eni dziko ndi Asoli, anthu a Mfumu Yaikulu Nkomeshya. Chinenero chawo n'chapachibale ndi Chilenje ndi Chitonga, ngakhale masiku ano pa msika ndi m'mabasi mumamveka kwambiri Chinyanja.

Tiyambe ndi ntchito ya chitsulo, pakuti ndiyo inali ndi ulemu woposa. Chitsulo n'chakale kwambiri m'dziko lino. Pa malo otchedwa Kapwirimbwe, chakum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, wofukula zakale David Phillipson anapeza mapale a mbiya ndi zotsalira zambiri za ng'anjo, ndipo poziyesa zinaoneka kuti anthu ankasungunula chitsulo pamenepo cha m'zaka za m'ma 400, ndiko kuti zaka zoposa 1,500 zapitazo. Asoli, amene anadza pambuyo pake, nawonso anadziwika ndi luso lomweli. Kusungunula kunkachitikira kutchire, patali ndi mudzi, ndipo kunali ndi miyambo yake: akazi sankayandikirako, ndipo amuna a ntchitoyo ankadzisunga kufikira chitsulo chitatuluka. Koma kusula kunali kwa pamudzi. Wosula ankamanga chipala chake pa mthunzi pafupi ndi nyumba. Mwana wa mlongo wake ankavukuta mivukuto ya chikopa cha mbuzi, iye n'kumamenya chitsulo chofiira pa mwala. Pamenepo pankatuluka makasu, nkhwangwa, akasemasema, mikondo, mivi ndi malumo. Wofuna khasu ankabwera ndi nkhuku kapena dengu la mapira, ndipo wofuna zambiri ankakoka mbuzi. Tisaiwale kuti khasu silinali la kumunda kokha. Linali chuma, lotha kulipira mlandu ndi kuperekedwa pa ukwati, monga zinalili m'mitundu yambiri ya kuno.

Akazi anali ndi luso lawo la kuumba. Dothi la mtapo ankalikumba m'madambo ndi m'mbali mwa mitsinje, nalisinja, naliponda, naumba ndi manja okha miphika ya ndiwo, mitsuko ya madzi ndi mbiya zikuluzikulu za mowa. Zikauma pa mthunzi ankaziwotcha pa mulu wa makungwa ndi nkhuni. Si mkazi aliyense ankadziwa kuumba; m'mudzi munkapezeka mmodzi kapena awiri, ndipo malipiro ake nthawi zambiri anali mapira odzaza mphika womwewo. Amuna ena ankaluka mphasa za bango, malichero ndi madengu, ena ankasema mitondo, minsi, mipini ndi mipando, enanso ankakhoma nyanda ya khungwa la mombo, ndiyo inali nsalu ya masiku amenewo.

Koma panalibe munthu amene ankadya za luso lake lokha. Wosula ankalima, woumba ankalimanso. Luso linkadikira chilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe, ndipo mitambo ikayamba kusonkhana aliyense ankasiya nyundo ndi dothi n'kutola khasu. Mpaka lero, pa mwambo wa Chakwela Makumbi umene Asoli amachita dzinja lisanayambe popempha mvula, mfumu ndiyo imayamba kubzala, anthu n'kutsatira. Kunalibe tsono kusiyanitsa wa pa ntchito ndi wongokhala. Kunali wakhama ndi waulesi basi.

Choyamba kugonja chinali nyanda. Achikunda ndi amalonda ena ochokera ku Zumbo ndi ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, ankakwera kumtunda ndi nsalu, mikanda ndi mfuti kudzagula minyanga ndi akapolo, ndipo munthu amene wavala nsalu sabwereranso ku khungwa. Koma zimenezi zinali zazing'ono poyerekeza ndi zimene zinadza ndi kampani ya British South Africa. Njanji inafika pa mudzi wa Lusaaka mu 1905, ndi ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, mu 1906. M'zaka zomwezo kampaniyo inaika msonkho pa mwamuna wamkulu aliyense, ndipo posakhalitsa msonkhowo unkafunika m'ndalama. Apa mpamene panagona nkhani. Wosula anali ndi makasu, woluka anali ndi mphasa, koma kalaliki wa ku Boma ankafuna masheleni, ndipo masheleniwo anali m'manja mwa Azungu a m'mafamu ozungulira Lusaka, a ku mgodi wa Broken Hill, a ku Southern Rhodesia, ndi pambuyo pake a ku migodi ya mkuwa. Anyamata anayamba kuchoka pa nyengo yomwe ija ya chilimwe imene kale ankakhala pa chipala kuphunzira kwa amalume awo. Pobwerera ankatenga khasu la m'sitolo, beseni, ndowa ndi bulangete. Khasu la m'sitolo linali lotsika mtengo poliyerekeza ndi thukuta la pa ng'anjo, chotero ng'anjo zinazima imodzi imodzi, ndipo wosula anasanduka wokonza zothyoka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Boma linapatulanso malo a Azungu m'mbali mwa njanji ndi kuika eni dziko m'malo owapimira. Ndi m'zaka zimenezi mawu akuti ntchito anayamba kutanthauza chinthu cha kutali, cholembedwa pa tikiti, cholipidwa ndi mlendo.

Komabe tauni yomweyo inatsegula msika wina. Mu 1935 likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka, ndipo m'makomboni munadzaza anthu olandira malipiro, ofuna zinthu zimene sitolo ya Mzungu kapena ya Mmwenye sinkasunga: mphasa, matsache, nkhuku, ndiwo zouma, munkoyo, nkhuni ndi makala. Midzi ya Asoli ndiyo inali pafupi, ndipo katundu ankalowa m'tauni pamutu ndi pa njinga. Pa zonsezi chopindulitsa kwambiri chinali mowa, ntchito ya akazi, ndipo chifukwa cha phindulo mowa ndiwo unabutsa mkangano. M'matauni Boma linapatsa makhonsolo okha mphamvu yophika ndi kugulitsa mowa wa anthu akuda m'nyumba zawo zamowa, ponena kuti phindu lake lidzakonza za m'makomboni. Mayi wophikira pakhomo pake anasanduka wolakwira lamulo. Apolisi ankamutayira mowa ndi kumutengera ku khoti. Akazi sanaleke, pakuti wamasiye kapena wosiyidwa ukwati analibe njira ina yopezera ndalama ali ndi mwana kumsana. Mkwiyo umenewu unathandiza chipani cha African National Congress, cha Harry Nkumbula, pamene chinauza anthu mu 1957 kuti anyanyale nyumba zamowa za khonsolo. Kumidzi nakonso mowa, umene kale unali wa dima ndi wa nsembe, unayamba kugulitsidwa pa chikho.

Tsono tifike pa Chalimbana, m'boma lomweli la Chongwe, pakuti ndi pamene Boma la atsamunda linayesa kuphunzitsa anthu ntchito za pakhomo. Chiyambi chake chili kutali. Mu 1907 mayi wina wa mpingo wa Quaker ku Philadelphia, dzina lake Anna Jeanes, anapereka chuma chake kuti chithandize sukulu za kumidzi za anthu akuda a kum'mwera kwa America, ndipo ndalamazo zinkalipira aphunzitsi oyendayenda, ophunzitsa ntchito za manja ndi za ukhondo. Bungwe la Phelps-Stokes, limene linayendera sukulu za kuno mu 1924, linayamikira njira imeneyi. Sukulu za Jeanes zinatsegulidwa ku Kenya, ku Nyasaland, ndi kuno ku Mazabuka, ndipo mu 1939 ya ku Mazabuka inasamukira ku Chalimbana. Mphunzitsi ankabwera ndi banja lake napatsidwa nyumba m'mudzi wa chitsanzo. Mwamuna ankaphunzira za m'kalasi pamodzi ndi ukalipentala, kumanga ndi ulimi. Mkazi ankaphunzira kusoka, kuluka majuzi, kuphika, kulera makanda ndi kusamala m'nyumba, kuti akabwerera kwawo akaphunzitse akazi anzake. Mafumu nawonso ankaitanidwa ku maphunziro awoawo.

Sitikana kuti maphunzirowa anafalitsa singano ndi ulusi m'midzi yambiri, ndipo agogo ena amene amaluka mpaka lero luso lawo linachokera kwa mkazi wa mphunzitsi. Koma cholinga cha eni sukulu chinali chakuti mkazi asunge bwino nyumba ya mwamuna wa pa ntchito. Zakuti apeze ndalama zakezake sizinali m'maganizo mwawo, ndipo kusandutsa juzi kukhala malonda akaziwo anadziphunzitsa okha. Makolo ambiri nawo ankaona kuti mwana wodziwa Chingerezi ndi taipi amalandira zoposa wodziwa macheka ndi nyundo, motero ankakayikira sukulu yophunzitsa za manja, poganiza kuti Mzungu afuna kuwasunga pansi. Powerengera malipiro a masiku amenewo, sanalakwe. Lero pa Chalimbana pali yunivesite.

Ntchito yatsopano imene inalowadi m'makomo ndi ya utelala. Poyamba telala anali mwamuna wokhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye ndi makina a Singer, wosoka nsalu yogulidwa m'sitolo momwemo. Akasunga ndalama ankagula makina akeake nawaika pakhonde la kwawo, ndipo pang'ono ndi pang'ono akazi nawonso analowamo. Ufulu utabwera mu 1964 sukulu zinachuluka, ndipo mwana wa sukulu aliyense ankafuna yunifomu. Nsalu zinkachokera ku mafakitale a ku Kafue, ndi pambuyo pake a ku Kabwe. Zimenezo zinali zaka zabwino za atelala. Koma kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, makamaka boma la Frederick Chiluba litamasula malonda pambuyo pa 1991, mabelo a zovala zakale za kunja, zimene timati salaula ndipo a kum'mawa amati kaunjika, anadzaza misika yonse. Telala anakumana ndi zomwe zija anakumana nazo wosula: anasanduka wochepetsa ndi wokonza zovala zosokedwa ndi ena. Amene anapulumuka ndi osoka mayunifomu, zovala za chitenje za pa ukwati ndi za amayi a mpingo, pakuti zimenezi m'belo simupezeka.

Masiku ano Lusaka wakulira kum'mawa, ndipo bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, limene linatsegulidwa mu 1967, lili m'boma la Chongwe. Kuseri kwa nyumba zambiri kuli khola la nkhuku zoyera, zimene zimafika pogulitsa pakatha milungu isanu ndi umodzi. Wogula amaitanitsa pa foni nalipiranso pa foni. Ophunzira ena, makamaka kuyambira mliri wa 2020, amagwira ntchito za mu ofesi pa kompyuta ali m'nyumba, magetsi akakhalapo, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsiwo ankasowa maola ambiri pa tsiku. Kusowa kwa magetsi kumakweza mtengo wa makala, amene a m'tauni amati malasha. Midzi ya ku Chongwe yadyetsa Lusaka makala kwa zaka zambiri, kotero kuti mombo wachepa, ndipo wosema mitondo amayenda mtunda wautali asanapeze mtengo woyenera. Osula akalipobe m'midzi ndi m'mbali mwa msewu waukulu. Chitsulo chawo sichichokeranso m'ng'anjo: nkhwangwa amasula ndi masipuling'i a galimoto zakutha, mbaula amapanga ndi migolo ndi malata akale, ndipo m'malo mwa mvukuto wa chikopa ena amapukusa gudumu la njinga.