Nsanja za nyali za ku Cape: tizisungiranji?

Mnzanga amene amaphunzira za uinjiniya anandiseka nditamuuza kuti ndikulemba za nsanja za nyali zounikira sitima m'mphepete mwa nyanja ku South Africa. Iye anati: "Aise, masiku ano sitima zimayendera GPS. Nsanja zakalezo n'zantchito yanji?" Funsoli si lachibwana ayi, ndipo yankho langa nali.

Tiyambire ku Cape Agulhas, kumapeto kwenikweni kwa Africa cha kummwera. Mu 1815, sitima ya Angerezi yotchedwa Arniston inasweka chakufupi ndi kumeneko, chifukwa woyendetsa ankaganiza kuti wadutsa kale Cape Point. Anthu 372 anafa, 6 okha ndiwo anapulumuka. Komabe nyali ya pa Agulhas inayamba kuyaka pa 1 March 1849, patapita zaka pafupifupi 34. Poyamba ankaiyatsa ndi mafuta a mchira wa nkhosa.

Ku Cape Point nakonso phunziro linabwera mowawa. Nsanja yoyamba, imene inayaka mu 1860, anaimanga pamwamba kwambiri pa phiri, moti nthawi zambiri nkhungu inkaiphimba. Mu 1911 sitima ya Apwitikizi yotchedwa Lusitania inagunda mwala wa Bellows Rock n'kumira. Mu 1919 anayatsa nsanja yatsopano cha m'munsi. Yakale ija ilipobe, ndipo alendo amakwera kukaiona. Kwa ine, imeneyi ndiye yofunika kuisunga koposa, pakuti ndi umboni woti akatswiri nawonso amalakwitsa.

Pamene kumanga kunali kovuta, ankaimika sitima yokhala ndi nyali pafupi ndi mwala woopsa. Ndi mmene zinalili pa Roman Rock, kufupi ndi Simon's Town, mpaka nsanja itayamba kugwira ntchito mu 1861. Lero nsanjayo timaiona, koma za sitima ija timangowerenga. Zinthu zikasiyidwa zimapita choncho, mwakachetechete.

Nsanja ya ku Agulhas inatsala pang'ono kupita chimodzimodzi. Mu 1968 anaizimitsa chifukwa miyala yake inkafumbutuka, ndipo inayandikira kugumulidwa. Anthu a m'deralo anailimbikira. Mu 1973 boma linaiika m'gulu la zipilala zotetezedwa, kenako anaikonza n'kuiyatsanso mu 1988.

Ndikudziwa zimene ena a inu munganene: nsanjazi anamanga ndi atsamunda pofuna kuteteza malonda awo. N'zoona. Mu 1794, nsanja yakale kuposa zonse, ya Green Point ya mu 1824, isanamangidwe, sitima ya São José inasweka pa Clifton itanyamula akapolo ochokera ku Mozambique. Oposa 200 anamira, ndipo opulumukawo anawagulitsa ku Cape komweko. Koma mbiri yowawayi si chifukwa chogumulira. Tikagumula, tidzaima pati pofotokozera ana athu kuti pa nyanjayi pankadutsa ndani, atanyamula chiyani?

Choncho kwa mnzanga uja ndikuti: GPS imakuuza pamene uli, koma siikuuza kuti pamalopo panafera anthu angati nyali isanayake. Chimene ndingapemphe osunga nsanjazi n'chakuti pa zikwangwani zawo, pambali pa mayina a akatswiri ojambula mapulani, alembeponso za anthu amene anaswa miyala ndi amene anamira ali m'maunyolo.