Mbiri ya zidole zoyenda kumadzulo kwa Lilongwe

Luso lopanga zidole zoyenda m'midzi ya ku Chitedze, Mpingu, Namitete ndi Nsaru lakhala likusintha potsata zinthu ziwiri: zomwe ana amaona zikudutsa pamsewu, ndi zipangizo zomwe angathe kutola.

Kalelo anyamata akakhala kubusa ankakumba dongo kudambo n'kuumba ng'ombe, kenako n'kuziyanika padzuwa. Anthu akakolola, ana ankasenda mapesi a chimanga n'kulumikiza timitima take ndi makoko ake owuma mpaka kukhala tingolo. Zidolezi sizinkachedwa kusweka.

Zinthu zinasintha makina atachuluka m'derali. Malo ofufuzirapo za ulimi a Chitedze anatsegulidwa mu 1948, Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo njanji inafika ku Mchinji mu 1980. Ana anayamba kuona mathirakitala, mabasi ndi malole onyamula fodya, pomwe mawaya otha ntchito, zitini ndi machubu a njinga zinayamba kupezeka mosavuta. M'nyengo imeneyi galimoto yamawaya inatchuka kwambiri. Mwana amawongola waya ndi mwala, kuupinda, ndi kumanga mokumanira mawayawo ndi mphira. Matayala amadula ku patapata wakutha kapena ku zitini, ndipo chiwongolero chimakhala chachitali kuti mwini wake aziyendetsa ali chilili. Chidolechi chinadziwika mpaka kunja kudzera m'buku la ana lotchedwa Galimoto, la Karen Lynn Williams, lomwe linatuluka mu 1990 ndipo nkhani yake imachitikira ku Malawi.

Nzeru zakuya zimaonekera pa chidole cha munthu wopalasa njinga. Wopangayo amapinda waya wodutsa pakati pa teyala kuti ukhale ndi timakona tiwiri toyang'ana kosiyana, n'kumangirirapo mapazi a chidolecho. Teyala likamazungulira, mwendo umodzi umakwera wina ukutsika. Mawondo amamangidwa motayirira kuti azipindika, ndipo miyendo ikatalika kapena kufupika mopyola muyeso, chidolecho chimakakamira osayenda.

Nzeru yosandutsa kuzungulira kukhala kuponda ndi yomwe Theo Jansen wa ku Netherlands wakhala akugwiritsa ntchito kuyambira mu 1990 popanga makina a miyendo yambiri, a mapaipi apulasitiki, oyenda ndi mphepo. Masiku ano timakina totere timajambulidwa pakompyuta, pomwe munthu amasintha kutalika kwa mwendo uliwonse momwe wafunira. Kenako makina osindikiza a 3D amasungunula pulasitiki n'kumamusanjikiza pang'onopang'ono mpaka chiwalo chilichonse chitatha.

Zidole zapulasitiki zogula pamsika zachepetsa chidwi cha ana pa mawaya, ngakhale ena akupangabe magalimoto ndi mabotolo ndi zitsekerero zake. Mwana wozolowera kuyeza, kupinda ndi kukonza pomwe palakwika ali kale ndi maziko a umisiri wa makina, choncho makolo ndi aphunzitsi ayenera kulilimbikitsa lusoli.