Michigan State: Zaka 20 Zoteteza Dzina la Sukulu

Pa 24 January 2018, woweruza Rosemarie Aquilina adalamula kuti Larry Nassar, dokotala wa zamasewera pa yunivesite ya Michigan State ku America, akakhale kundende zaka 40 mpaka 175. Amayi ndi atsikana oposa 150 anali atafotokozera khoti momwe dokotalayu ankawagwirira malo obisika ponamizira chithandizo. Tsiku lomwelo mkulu wa yunivesiteyo, Lou Anna Simon, adatula pansi udindo.

Madandaulo sadayambe dzulo. Mu 1997, mtsikana wina adauza mphunzitsi wa masewera a gymnastics pasukuluyo za Nassar, koma mphunzitsiyo adamulefula kuti asapitirize nkhaniyo. Mu 2014 mayi wina adakadandaula ku ofesi yoona milandu yotereyi. Ofesiyo idafunsa maganizo kwa akatswiri omwe ankamudziwa bwino Nassar, nigamula kuti palibe cholakwa. Chowawa kwambiri n'chakuti lipotilo lidatuluka pawiri: wodandaula adapatsidwa lalifupi, pomwe ndime yochenjeza kuti njira za dokotalayu zingaike sukulu m'mavuto idasungidwa kwa akuluakulu okha. Nassar adabwerera pantchito.

Nyuzipepala ya Indianapolis Star itaulula nkhaniyi mu September 2016, Rachael Denhollander, mmodzi mwa ozunzidwa, atalankhula poyera, sukuluyo idamuchotsa ntchito Nassar. Koma khutu la sukuluyo lidali kwina. Pa ntchito ya mwezi wa January 2018 wokha, idalipira kampani ya Weber Shandwick madola oposa 500,000, ndipo ina mwa ntchito zake inali kulondola zolembedwa pa intaneti, kuphatikizapo za ozunzidwawo. Anthu omwe ankafunika kupepesedwa ndi omwe ankayang'aniridwa.

Wolowa m'malo mwa Simon, John Engler, adathira tsabola pachilonda. Adanena kuti ena mwa ozunzidwa akusangalala ndi kutchuka, ndipo mu January 2019 nayenso adachoka.

Sukulu ina iliyonse yomwe imathamangira kulemba chikalata cha atolankhani isanakhale pansi ndi wodandaula ikutsata njira yomweyi, ndipo mtengo wake ukudziwika. Mu May 2018 Michigan State idavomera kupereka chipukuta misozi cha madola 500 miliyoni, pa mlandu wa ozunzidwa 332. Mu September 2019 boma la America lidailipiritsanso chindapusa cha madola 4.5 miliyoni chifukwa cholephera kuteteza ophunzira ake.